Sananene Odi

Foni ndi imodzi, yong'aluka pakona,
ana makumi asanu ndi limodzi kudza atatu.
Netiweki imapezeka pa zenera la kum'mawa basi,
ndiye timaunjikana pomwepo ngati nkhuku pa madeya,
ine dzanja m'mwamba, choko chili kukhutu.

Lolemba tinaona dziko lina litayera ndi chisanu,
Jelasiyo anafunsa ngati eni ake amalima nyemba.
Lachiwiri ndinati, tiyeni tione kwathu kuno,
tione mmene a kutali amationera.
Ndinalemba ndi chala: Ulongwe.

Linabwera phiri la Domwe,
lobiriwira kuposa mmene timalidziwira.
Inabwera chapa yodzaza, mbuzi itamangidwa padenga.
Ana anakuwa: awo ndi a Fulujensiyo, akondakitala!
Ndinaseka nawo. Ndinakankhanso chala.

Mayi wagona pa thumba la kachewere mumsika,
kukamwa yasa, ntchentche pamlomo,
chitenje chatsetsereka, khanda likudziyamwira lokha.
Pansi pake mawu a chilankhulo chimene sindichidziwa,
si Chipwitikizi, si Chingerezi,
ndi timitima tofiira zikwi zinayi.

Kalasi yonse inagwa nalo phwete.
Belimira yekha anayang'ana zala za kumapazi.
Pamene ndimazindikira mpango wa madontho uja
chiseko chinali chitafika kale kalasi yoyandikana.

Madzulo ndinapalasa njinga mpaka kwawo.
Pabwalo ndinaima, ndinaomba m'manja: odi!
Palibe chitseko pamenepo, palibe mpanda,
koma ndinadikira mpaka anati, lowani aphunzitsi.

Anaigwira foni ndi manja awiri
monga agwirira mbale ya eni.
Anayang'ana nthawi yaitali.
Tsiku ili ndikulikumbuka, anatero,
ndinanyamuka tambala asanalire,
thumba pamutu, uyu kumsana,
usiku wonse atatentha thupi.
Mlendoyo sindinamuone.
Anzanga anati anagwada pansi kuti andipeze bwino.

Akanandidzutsa bwenzi nditavala cha ku tchalitchi,
chija chobiriwira.
Kodi anthu zikwi zinayiwo akundidziwa dzina?
Ndinati ayi.
Nanga kachewere uja anagulako?
Sindinayankhe.
Ndiye muzimitse.

Ndiwauze bwanji kuti chili m'foni koma sichili m'foni,
kuti ndikaiponya mu Zambezi lero
mawa adzakhala akugonabe mumsika
m'matumba a anthu a ku maiko osawadziwa?
Madzi akatayika saoleka, ndinayamba,
koma anandidula: madziwo ndinataya ndine?

Pobwerera tcheni chinaduka pa mlatho,
ndinakankha njinga mumdima
ndikukumbukira mwezi wa Febuluwale:
ana anga atakhala pansi pa fumbi,
mabuku pa mawondo, zigamba poyera,
ine ndikujambula, osafunsa aliyense,
nkutumiza ku gulu la pa foni kuti atithandize madesiki.
Madesiki khumi anabwera ndithu.
Chithunzicho sindidziwa chili kuti.
Jelasiyo ali kutsogolo, kabudula wong'ambika kumbuyo
sakuoneka, koma mamina akuoneka.

Lachitatu Belimira sanabwere.
Lachinayi anabwera mochedwa, anakhala pa khomo.
Ndinafufuta masamu pa bolodi,
ndinalemba mawu amodzi, zilembo zitatu,
mawu amene sali m'buku la boma,
amene mwana aliyense amawadziwa asanadziwe kuwerenga.
Ndinawalembera mlendo uja kalata,
Jelasiyo anati tiike mawu akuti chonde kawiri.
Mpaka lero sanayankhe.
Timitima tafika zikwi zinayi ndi mazana awiri.

Popuma ndinampatsa Belimira foni.
Jambula chimene ukufuna, ndinatero.
Anazungulira bwalo lonse, sanajambule kanthu.
Kenaka anabwera pamene ndinakhala
ndikudya chinangwa, nsapato imodzi nditavula,
sokosi yobooka pa chala chachikulu.
Anakweza foni. Anandiyang'ana.
Ndinadikira kuti anene.