Keke Yopanda Uvuni

Uvuni wathu anafa chaka chatha,
tsiku lija magetsi anabwera mwaukali ngati wodzalonjerera ngongole.
Mkati mwake tsopano timasungamo malisiti a madzi.
Koma mawa Ndaziona akukwanitsa zaka zisanu ndi zinayi,
ndipo amayi ake ali ku Joni, akusita malaya a ana a eni.

Elufe wanditumizira mawu pafoni, mphindi ziwiri zathunthu:
"Musaope, bambo ake, izi sizifuna uvuni.
Mabisiketi mapaketi awiri, osati a kirimu aja.
Majarini theka. Koko masupuni anayi.
Mkaka wa m'chitini, wolemera uja, wotsekemera,
ndipo musamangoulawa mpaka kuumaliza, ndimakudziwani."
Kumbuyo kwa mawu ake galu wa abwana akuuwa.

Koko ndakam'peza m'tauni, sitolo yachitatu,
mtengo wake ndaufunsa kawiri
ngati kuti ungatsike ndi manyazi.
Ndakwera kabaza kubwerera ku Chinamwali,
jumbo nditaikumbatira pachifuwa.

Mwana wagona. Ndayamba.
Mabisiketi m'jumbo, ndamanga kukamwa,
ndikugubuduzapo botolo, phwa, phwa, phwanyu.
Elufe anati osapera mpaka ufa,
kusiya tizidutswa kuti dzino lipeze poluma.

Pa mbaula majarini wasungunuka msanga,
koko wachita bii,
koma mkaka ukutsika m'chitini pang'onopang'ono
ngati malipiro a aphunzitsi.
Ndalawa kamodzi. Chabwino, katatu.
Nditatembenuka kufuna mpeni, pansi pa poto papserera,
ndapala mbali yabwinoyo, zinazo ndi chinsinsi changa.
Ndathira zinyenyeswa zonse, ndavundula
mpaka mkono wayamba kudandaula,
kenako m'thireyi, kutsendera ndi msana wa supuni,
ngodya ndi ngodya, monga womanga akamatsira pansi.

Filiji tilibe.
Mayi Namakhwa, ogulitsa mafirizesi kuseri kwathu,
andipezera malo pakati pa usipa ndi timatumba tofiira.
Ndisanafike n'komwe pakhomo panga, thimu!
Chinamwali yense wati "aaa" nthawi imodzi.

Ndakaitenganso thireyi yanga mumdima.
Ndayala m'beseni madzi pang'ono kuti nyerere zisowe mlatho,
ndavindikira ndi mbale, mwala pamwamba,
ndaika pawindo lakumadzulo, loyang'ana kuphiri.
Ndi mwezi wa Juni uno.
Mphepo ikutsika ku Mulunguzi yopanda chisoni,
yomwe ija timaitukwana m'mawa posamba.
Lero ndaitsegulira windo, ndati lowa, ugwire ntchito.

Tulo sitinabwere.
Pakati pa usiku ndinadzuka kukagwira ndi chala chachikulu:
chinalowa, n'kusiya chidindo
ngati cha munthu wosainira ngongole.
Ndinabwerera m'bulangete ndi manyazi, ndikunyambita chala.

M'mawa nkhungu ili mbuu mpaka pa mpanda,
ndavundukula mbale: gwa!
Phiri lagwira ntchito ya filiji, osapempha kanthu.
Mpeni unakana kuyenda mowongoka,
zidutswa zina zazikulu ngati bokosi la machesi,
zina ngati sitampa.
Kandulo tinali nayo imodzi, ya dzulo lomwelo, yofupika.

Ndaziona anayang'ana thireyi yonse nthawi yaitali
n'kusankha chidutswa cha chidindo chija.
"Ichi ndi cha adadi, chili ndi dzina."
Mano awiri akutsogolo ali bii ndi chokoleti,
ndinamujambula, ndinatumiza.

Yankho linabwera masana, pa nthawi yake yopuma:
"Mwachulutsa koko."
Patapita mphindi: "Mundisungireko."

Kuchoka Juni kukafika Disembala ndi kutali,
ndinafuna kunena choncho.
Koma mwana anali atakulunga kale chidutswa chachikulu
m'pepala la m'kope lake la masamu,
watsegula chitseko cha uvuni wakufa uja,
wachiika pamwamba pa malisiti,
n'kutseka pang'onopang'ono, kuti nyerere zisamve.