Dzimbiri la ku Chigumula

Lolemba m'mamawa mpopi wa kukhitchini unatsokomola kawiri,
kenaka n'kulavula madzi ofiira ngati tiyi wogona m'ketulo.
Ndinausiya chotsegula, ndikuwerenga mpaka zana.
Anangosanduka achikasu, kuyera ayi.
Yunifolomu yanga ya ku Gulupu
inatuluka m'beseni ili ndi mapu pachifuwa.

Mai Sambakunsi, kuseri kwa mpanda, anati ndi mvula imeneyo,
katondo walowa m'chitsime.
Mlongo wanga pa foni anati gulitsa nyumbayo,
yakalamba, ikungokudyera ndalama.
Mwana wanga anati mwina mwagwera mphaka.

Koma ine sinditchula matenda ndisanayeze.
Ndinatsuka mabotolo atatu.
Loyamba ndinatunga m'chitsime mwenimwenimo ndi chingwe,
nditakankha chivundikiro cha simenti mpaka msana kulira.
Lachiwiri pathanki, pamwamba pa makwerero ogwedera.
Lachitatu pampopi.
Ndinawandandalika pawindo ngati odwala pabenchi
n'kukagona.

Kutacha, la m'chitsime lili mbee.
La pathanki katope pansi, kosadzaza ndi supuni yomwe.
La pampopi, ufa wofiira wakhazikika phee,
ndipo kukamwa kwa botolo kukununkha msomali wonyowa.
Ndiye kuti nthenda ili pakati, m'njira.

A Namakhwa anafika Lachinayi pa njinga,
masipanala ali m'thumba la feteleza.
Anakumba kuseri kwa bafa, patsinde pa mpeyala,
anadula paipi ndi sowo n'kundipatsira chidutswa:
Tasuzumirani umu, anesi.
Ndinasuzumira.
Kabowo kotsala, pensulo yomwe singalowe.

Mtsempha wotere ndinauonapo.
Mapaipi amenewa anayala ndi bambo anga chaka chimene ndinabadwa,
ndi malipiro a kunjanji, paipi imodzi pamwezi.
Chitsulo sichifa, ankatero, akuchigogoda ndi chala.
Nawonso zinawayamba chomwecho,
mkati, mwakachetechete,
kunjaku akuchalira kapinga, akuseka ndi anzawo a kwaya.

Tinaika apulasitiki akuda ogula ku Limbe,
mamita makumi anayi, ndalama ya fizi ya teremu ino.
Pampu inalira, madzi anabwera ndi ukali,
oda kaye, akutaya zakale zonse,
kenaka oyera mpaka kuona pansi pa chidebe.
Musafulumire kumwa, anatero a Namakhwa akusamba m'manja,
kuyera kwa madzi si umboni.
Ndinaseka. Mawu amenewo ndimauza anthu ndine.
Botolo lina ndapereka kuti akaliyeze,
ndipo akumwa ndikuwiritsabe.

Chidutswa chija chili pawindo, pamene panali mabotolo.
Chimasiya kaufa kofiira, ndimapukuta, mawa kabweranso.
Banga la pa yunifolomu lakana mandimu, lakana sopo,
ndimangoliphimba ndi baji.

Loweruka mlongo wanga akubwera ndi munthu
wofuna kudzaona nyumba.
Ndamuuza kuti abwere, palibe vuto.
Adzapeza matambula atatu otsuka pathebulo,
adzamwe, apume,
abwerere kusanade.