Mapazi a Chikepe

A Njobvu anandipatsa kachipangizo
ngati akundipatsa mwana wa eni.
"Usagwetse, Tisiyenji. Aka kanabwera pa ndege,
iwe unabwera pa minibasi ya ku Mtendere."

Chikepe cha nyumba yosanja ya pa Cairo Road
chinali chitadwala sabata yonse.
Azimayi a ku ofesi ya inshuwalansi ankati
chikanyamuka mtima umatsalira pansi,
chikaima tiyi wam'mawa amabwerera kukhosi.
Ife tinabwera kudzayeza madandaulo awo.

Ndinakaika pansi, ndinadina batani.
Zitseko zinapsompsonana. Nyamu!
Galasi linalemba 3.3.

Nkhongono zinazizira.
Ku koleji anati chikepe chaulemu
chimawonjezera liwiro ndi mita imodzi pa sekondi,
sekondi iliyonse, mwina kupitirirako pang'ono.
Tsono atatu ndi kanthu?
Limenelo ndi gawo limodzi mwa atatu
la mphamvu imene dziko limakokera bango lakupsa pansi.
Dzanja linali kale m'thumba
kufuna tepi yofiira yotsekera khomo.

A Njobvu sanayankhule.
Ndi chikhadabo chakuda ndi girisi
analoza timalemba tiwiri pakona pa galasi.
Mapazi.
Kachipangizo kankawerenga m'mapazi a kwawo.

Phazi la yani? Sindinafunse.
Langa, ndi jombo yomwe, silifikapo.
Phazi lawolo ndi 0.3048 ya mita,
ndipo pepala ndinalibe,
ndinalemba pachikhatho ndi bolopeni,
kuchulukitsa, kunyamula, kufufuta ndi malovu,
mpaka atatu aja anafota
nakhala mita imodzi ndi kanyenyeswa.

Ponyamuka chikepe chinalibe mlandu.
Nthenda inali poima,
buleki yoluma ngati galu wodzidzimuka.
Tinaipeza masana, padenga,
pakati pa zitosi za nkhunda.

Titamanga, a Njobvu sanakhulupirire galasi.
Anathira tiyi m'chivindikiro cha fulasiki
mpaka m'milomo, naika pansi,
naimirira, maondo atawapinda pang'ono,
maso ali tsinzi.
Pansi mpaka pamwamba. Pamwamba mpaka pansi.
Dontho silinagwe.
"Zaka makumi atatu ndikuyeza ndi awa," anatero,
akumenya bondo.
Ndinafunsa kuti bondo limodzi ndi mamita angati.
Anamwa tiyi uja.

Madzulo ku Kulima Tower ndinapeza mpando wakutsogolo,
ndipo mwamwayi muvi wa liwiro unali wamoyo.
Maloboti atatsegula ndinawerenga chamumtima:
masekondi khumi, muvi pa 36.
Makilomita 3.6 pa ola, sekondi iliyonse.
Kugawa ndi 3.6,
chifukwa ola ndi lalitali ndipo kilomita ndi yaitali
koma sizitalika mofanana,
yankho ndi imodzi.
Imodzi yomwe ija!
Chikepe chimandikankha kumapazi,
minibasi imandikankha kumsana,
dzanja lake ndi limodzi.
Ndinaseka ndekha.
Kondakitala anati, "Sisi, kuseka n'kwaulere,
koma mpando ayi."

Pa Kalingalinga tinaima mwadzidzidzi,
thumba la tomato linagubuduka kudzafika kumapazi kwanga.
Kumenekonso n'kuwonjezeka kwa liwiro,
kungoti chammbuyo,
koma mwini tomato sindinamuuze.

Kunyumba magetsi anali atapita.
Amayi anandithirira madzi osamba m'manja
kandulo ili pambali,
kenako anagwira dzanja langa, nalitembenuza,
naliyandikiza kumoto.
Ziro, kadontho, 3048,
inki italowa m'mizere ya chikhatho.

"Nambala ya foni imeneyi ndi ya yani?"

Ndinati ndi ya phazi, amayi.
"Phazi wa kwa ndani? Amagwira kuti?
Bwanji sanamalize kulemba?"