Manambala Osaitanidwa

Ndinawagula Loweruka, pamsika wa zakale ku Łódź,
kwa mayi wina amene sanafune n'kunenerera komwe:
machubu agalasi khumi ndi anayi m'bokosi la nsapato,
okulungidwa m'nyuzipepala yakale kuposa ine.
Anati mwamuna wake ankawasungira ntchito ina yake.
Ntchitoyo sanaitchule.

Masana ndimakonza mabuleki a matramu.
Usiku, ndikawasambitsa bambo n'kuwagoneka,
ndimakankhira mbale kumapeto kwa tebulo
n'kuyamba kusungunula mtovu.
Chisanu chonse chathera pamenepo.
Kawiri konse magetsi anandiluma chala,
ndinatukwana mokweza
mpaka mayi Jadwiga a chipinda chapamwamba anagogoda paipi.

M'kachubu kalikonse muli manambala khumi a waya wopyapyala,
ina kumbuyo kwa inzake
ngati anthu pamzere wa kuchipatala.
Imayaka imodzi yokha, psuu ngati khala,
zinazo zili duu mumdima.
Pansi pake ndinaika kachubu kowerenga,
m'mene kadontho ka moto kamazungulira
kutolera kugunda kwa magetsi a mzinda:
makumi asanu, sekondi,
makumi asanu, sekondi.
Mzinda ukadzuka n'kuyatsa maketulo, wotchi yanga imatsalira pang'ono.
Pofika usiku imakhala itabweza ngongole.

Chimene ndinachidziwa mochedwa n'chakuti
nambala yosayaka imadwala.
Fumbi la zinzake zoyakazo limaikutira pang'onopang'ono,
ndipo tsiku limene udzaifune
idzayaka mutu wokha, mchira uli bii.
Kachubu koyamba ka maola kamangodziwa ziro, wani ndi thuu.
Faifi wake, naini wake,
palibe ola limene lidzawaitane.

Choncho ndinaipatsa lamulo wotchiyo:
ikakwana fili koloko usiku, kwa mphindi imodzi,
manambala onse athamange,
iliyonse ilaweko moto.

Lachinayi ndinadzidzimuka, bedi lawo lili pululu.
Ndinawapeza pakhomo la khitchini,
opanda nsapato, mabatani a pijama atasemphana.
Bambo anga, Eugeniusz,
amene kwa zaka makumi atatu ankakhala pageti la fakitale ya nsalu
kulemba wolowa ndi wotuluka,
amene tsopano amanditcha Czesiek,
dzina la mng'ono wawo amene sindinamuonepo.
Nkhope yawo inali itafiira ndi kuwala kwa machubu.

97:68, inatero wotchi.
54:81.
79:93.

"Yachedwa ndi mphindi ziwiri," anatero,
ndi mawu aja ankandidzutsira kusukulu.
Kenako anaimika chala n'kuyamba kuitana:
Wiesława Pęczek, yafika.
Genowefa Sroka, yafika, mwana akudwalabe.
Alongo awiri a kwa Kubiak.
Mirosława wa makina achisanu ndi chiwiri, wachedwanso,
koma lero sindimulemba.
Ankatchula osapunthwa, dzina ndi dzina,
anthu amene sindinawamvepo m'nyumba muno,
akutuluka m'chipale chofewa cha chaka china,
akukutumula mipango pageti.

Mphindi inatha.
03:01.
Kadontho kaja kanapitiriza ulendo wake ngati palibe chachitika.
Anandiyang'ana, nayang'ana mapazi awo,
nandifunsa ngati basi yadutsa kale.

Ndinawaveka masokosi anga.
Ndinawatenthetsera mkaka, sanamwe.

Mnzanga Remigiusz wa kuntchito akuti zangochitika,
ubongo wokalamba umatero,
ndisaikepo mtima.
Mwina akunena zoona, amawerenga kwambiri.
Komabe Lachisanu ndinatsegula kumbuyo kwa wotchi
n'kusintha kawaya kamodzi.
Tsopano manambala amathamanga mphindi zisanu.

Ndimatchera alamu ya pafoni isanakwane fili,
ndimasiya chitseko chawo chotsekula,
mpando ndauyang'anitsa kutebulo.
Papita masiku khumi ndi limodzi, sanadzukenso nthawi imeneyo.
Ndimakhala ndekha, kope ndi pensulo m'manja,
kuonerera naini wa kachubu koyamba
akuyaka yense, mutu ndi mchira womwe.