Nkhodolero ya a Ng'ambi

Tsamba layera mbee.
Dzulo linali ndi alimi a khofi mazana atatu,
aliyense makilo ake, aliyense ndalama zake.
Lero bulawuza yalavula mawu ofiira basi:
chizindikiro chosayembekezeka, mzere woyamba, malo a 4817.
Mzere woyamba!
Chikhalirecho seva imabereka tsamba lonse mumzere umodzi,
wautali ngati msewu wa ku Chikangawa usiku wa chifunga.

Ndili m'kachipinda ka lendi ku Katoto,
kuseri kwa telala wosoka mayunifomu.
Juni waluma zala. Masokosi ndavala awiriawiri.

Ndayamba ndi kudzikayikira ndekha.
Tagi ndinatsegula Lachiwiri ija, ndinaitseka?
Ndayenda khomo ndi khomo, kugwedeza zitseko: zonse n'zotseka.
Ndabwereka foni ya Lusubilo, telala uja. Zomwezo.
Ndatukwana seva.
Ndaipepesa.
Bandulo ikusungunuka ngati sopo wa m'bafa la anthu ambiri.

A Mhango aimba kachitatu:
Walusungu, mawa ndi malipiro,
anthu adzachoka ku Chikwina kusanache.

Pa depoti pali mnyamata wokonza njinga za sakaramento.
Chubu chikaphwa sachifunsa mafunso,
amachimiza m'beseni chigawo ndi chigawo
mpaka madzi aulule ndi thovu.
Nanenso ndamiza alimi anga.
Theka loyamba, tsamba lapuma bwinobwino.
Theka lachiwiri, mbee.
Ndagawanso. Ndagawanso.
Makumi anayi, makumi awiri, khumi, asanu,
ndipo thovu lija ili:
nambala 212, Yotamu Ng'ambi, wolembetsa Lachitatu,
makilo makumi asanu ndi limodzi.

Munthu sanalakwe kanthu. Wangobwera ndi dzina la bambo ake.
Koma bulawuza inaphunzira kwina,
kumene kachizindikiro kolendewera m'mwamba
kamatanthauza kuti mawu athera pano.
Yawerenga Ng, yatseka pakamwa.
Ambi watsala panja pamphepo,
yamuyesa lamulo, lamulo losalidziwa,
ndiye yakhumudwa, yataya mudzi wonse.

Ndawauza a Mhango. Aseka.
Kameneko? Kachotse, mwana iwe, tigone.
Ngambi ndi Ng'ambi, ndalama n'zomwezo.

Chala changa chaima pamwamba pa batani.
Kungodina kamodzi, ndikafunde bulangete.
Koma mawa kubwera a Ng'oma,
ndipo kuno kumpoto ng'oma ukaimeta nkhodolero
siliranso, yasanduka ngoma, chimanga cha m'nkhokwe.
Ndidzameta angati?
Kusukulu ya ku Chibavi, a Nyirongo ankatikwapula nayo rula
tikaiwala kadontho kamchira kameneka,
lero ndikagulitse chifukwa cha tulo?

Ndatsegula khodi pomwe mayina amatulukira.
Ndaikapo mlonda wa mizere itatu:
dzina lililonse aziliperekeza,
akaona nkhodolero aziyimika kandodo kopendekera patsogolo pake,
kunong'oneza bulawuza kuti
uyu ndi munthu, si lamulo, mlekeni adutse.

Magetsi azima. Agalu a kwa neba ayamba msonkhano.
Batire yatsala madontho asanu ndi anayi.
Ndasunga. Ndatumiza. Ndadina.
Kagudumu kazungulira,
kazungulira,
ngati minibasi yodikira munthu mmodzi kuti idzaze.

Kenako mayina, mbwee!
Ndatsetsereka mpaka 212.
Alipo a Ng'ambi, athunthu, chipewa chawo chili kumutu.

Sadzadziwa. Adzaloza dzina ndi chala chothimbirira,
adzawerenga ndalama kawiri, n'kufunsa mtengo wa feteleza.

Ndisanatseke, diso lagwa pa 260.
A Kaŵonga, ŵ wawo wasanduka nyansi ziwiri zachilendo,
ngati nkhuku yaponda pa inki.
Batire yatsala atatu.
Pepani a Kaŵonga, inu ndi mawa,
chifunga chikachoka pa Kaning'ina.