Zenera Limodzi, Anthu Asanu ndi Awiri

Ana agona. Mbale zili m'sinki, zidikire.
Ndayala mapu a sitima patebulo la kukhitchini:
nsanjika khumi ndi zisanu, tizipinda ngati zisa za njuchi,
kalikonse ndi nambala yake ndi mtengo wake,
ndipo pensulo yanga yatha kumutu ndi mano.

Tilipo asanu ndi awiri.
Chipinda chimalola anayi.
Amene anajambula sitimayi sanabereke kupitirira awiri,
kapena anali ndi ndalama.

Pamwamba pali chipinda cha banja, cha khonde loyang'ana nyanja.
Mtengo wake ndi miyezi itatu yanga
ndikuyendetsa basi kuchokera ku Voltri kukafika ku Caricamento,
kubwerera, kupitanso, mabuleki akulira.
Ndachiyang'ana monga timayang'anira nsapato pagalasi la sitolo,
kenako ndatsitsa chala.

Ziwiri zolumikizana ndi chitseko chapakati
zinatha mu Januwale, anatero mtsikana wa ku ofesi,
mawu ake osalala ngati sopo.
"Kapena lipirani zochepa, tidzakusankhireni ndife."
Ndinafunsa kuti kuti. Anati kulikonse.
Kulikonse ndi pansi pa holo ya dansi,
kulikonse ndi Zeno wa zaka zinayi kumutu kwa sitima
ine kumchira, pakati pathu makonde mamita mazana atatu.
Chikomekome cha mkuyu. Ndinakana.

Ndiye ndikugawa anthu ngati makobili.
Nives akufuna galasi ndi chitseko chokhoma.
Mapasa akanganirana kale bedi lam'mwamba
la chipinda chomwe sitinalipire.
Fulvio amaliza mkonono,
ndipo lamulo likuti chipinda chilichonse chikhale ndi wamkulu;
ndalemba, ndafufuta, pepala labooka.

Apongozi anga a Amilcare alowa kudzatunga madzi a mankhwala,
patapata kumapazi, magalasi pamphuno.
Zaka makumi atatu ndi zinayi anawotcherera zitsulo ku Sestri,
m'mimba mwa sitima zosamalizidwa,
chigoba kumaso, nthethe zikugwera m'kolala.
Iliyonse ikatsikira m'madzi ankaomba m'manja ali pamtunda.
Sanakwerepo ngakhale imodzi.

Awerama pa mapu. Chala chawo cha zipsera chikuyenda pang'onopang'ono.
"Apa ayi, pansi pake pali injini, mano adzagwedera.
Apanso ayi, nangula akamatsika m'mawa
mudzayesa nyumba ikugwa.
Apa. Pansi, pakatikati. Mafunde safikapo ndi mphamvu,
ndipo olemera sapafuna."
Aseka, atsokomola.
"Ine zenera musandivutikire. Mdima wa sitima ndimaudziwa."

Atuluka. Ndamva chitseko chawo, kenako bedi.

Nsanjika yachisanu: 5118 chili ndi kazenera kozungulira
kakang'ono ngati mbale ya supu.
Moyang'anana nacho, 5121 chilibe kanthu, makoma anayi basi.
Kusiyana kwake ndi mayuro zana limodzi ndi makumi asanu ndi atatu,
ndiye kuti nsapato za mapasa zidikire Okutobala,
ndipo chilumba chimodzi tidzachionera pakhonde la aliyense
ena akutsika kukakwera mabasi.

5118: Amilcare, Fulvio, Elia, Zeno.
5121: ine, Nives, Dalia, ndi masutikesi pabedi lotsala.

Mausiku asanu ndi awiri ine ndi mwamuna wanga
tidzalekanitsidwa ndi kapeti ya mapazi atatu.
Tidzakumana pakhonde, opanda nsapato, tikunong'onezana
ngati kale lija bambo anga akali moyo.
Sindinamuuze. Adzaseka, kapena ayi.

Ndasindikiza batani. Banki yatumiza uthenga wake wozizira.
Kudoko sitima ina ikulira, yodzaza nyali.

Ndikuona kale m'mawa woyamba:
nkhalamba itagwada pabedi lam'munsi, mphumi pagalasi,
ikuyang'ana madzi akudutsa,
kenako, poti chizolowezi sichifa,
ikusisita ndi chala mzere wa chitsulo m'mbali mwa zenera
kuona ngati amene anawotcherera ankadziwa ntchito.