Kachitsulo Konga Nandolo

Hedley anandigulitsa njingayi m'makatoni anayi,
nati zonse zilimo, usade nkhawa,
n'kukwera basi ya ku Burnley osacheuka.
Njinga yamoto ya chaka chimene ndinabadwa.
Tonsefe sitidzuka msanga kukazizira.

Uno ndi usiku wachitatu m'shedi muno.
Mvula ya ku Todmorden siidziwa kutsazika,
yangokhala pa denga kuyambira Lolemba.
Mbale za kilatchi ndaziyala pa nyuzipepala,
zosalala uku, zokhakhala uko,
zokhakhalazo zikadali noninoni ndi oyilo.
Iliyonse ndinaigoneka pa galasi la windo yakale
kuti ndione ngati inapindika.
Imodzi inagwedera nditaikhudza m'mphepete.
Ili m'chitini cha misomali tsopano.

Yokhakhala, yosalala, yokhakhala, yosalala,
mano alowe okha m'mipata yawo,
osakakamiza.
Kenako masipuling'i atatu.
Dzana ndinalakwira pamenepa:
foni inalira, imodzi ndinaimangitsa,
mbale yapamwamba n'kumadzuka chopendekeka
ngati chipewa cha munthu wochokera ku mowa,
giya yoyamba n'kulowa mokukuta mano
mpaka galu wa a Barraclough anayankha.
Dzulo ndinawamasula onse, koma ndinapitiriza muyeso.
Pa chitunda cha kutchalitchi injini inangobangula,
tayala osamva kanthu,
fungo lopserera likunditsatira
pamene ndimaikankha kubwerera kunyumba.

Lero ndawerenga ndi pakamwa pozungulitsa.
Zonse zili m'malo.
Ndafinya chogwirira.

Lende.

Chafika pa chiwongolero chopanda chochibweza,
ngati moni wa munthu amene sakukufuna.
Waya ndi wabwino, ndamuona kawiri.
Ndamutukwana Hedley, ndi makatoni ake,
ndi basi imene inamutenga.

Thirza, mdzukulu wanga, wagwira tochi,
manja a juzi atakokera mpaka kuzala.
Akuti, Agogo, kandodo kalowa mkatika
kakukankhidwa ndi chiyani?
Ndayamba kumufotokozera ngati wodziwa:
waya akoka kamkono,
kamkono kakankha kachitsulo kobulungira,
kachitsuloko kakankha kandodo...
Mawu andithera pakati.

Tagwada pa simenti yozizira.
Pansi pa benchi tapezapo wachala, kangaude,
batani la jekete imene ndinataya kalekale.
Maondo anga akulira kuposa giya ija.
Thirza wathamangira kukhitchini,
wabwera ndi maginito a pa filiji,
aja olembedwa Blackpool,
wawayendetsa pansi ponse, kenako pa nsapato zanga,
kenako mopindira mwa thalauza langa.

Tha!

Kachitsulo konga nandolo.
Ndakhala ndikuyenda nako kuyambira nthawi ya tiyi.

Ndakapaka girisi pang'ono kuti kasathawenso,
ndakalowetsa ndi nsonga ya pensulo.
Ndabweza kandodo, ndamanga,
waya ndamusiyira kampata
kongokwana ndalama yachitsulo,
poti ukamukoka wonse
mbale sizigwirana mpaka kale.

Finya, Thirza.
Akufinya ndi manja awiri, lilime lili kunja.
Mbale yadzuka, mbali zonse pamodzi,
mpata wake ngati chikhadabo,
tayala lakumbuyo lazungulira m'dzanja langa, mwaa.
Siya. Lagwira, nganganga.
Finyanso.

Zaka makumi asanu ndi awiri
ndipo ntchito yake ndi yomweyo:
kulekana pang'ono pokha
kuti giya ipeze polowera.

Sitiiliza usiku uno.
Nthawi yatha, galu uja wagona,
amayi ake a Thirza ayatsa kale ndi kuzimitsa
getsi la pakhonde kawiri.
Mawa ndimuimbira Hedley
kupepesa mawu amene sanawamve.
Adzafunsa kuti mawu ati,
ndidzati iwalani, kaya mvula kwanuko.

Thirza akadali pa chishalo,
mapazi osafika n'komwe pa zopondera,
akufinya, akusiya,
injini akuiliza ndi milomo.